Anabweretsa Manachesi Kwathu Ndani?

Ndikukumbukira chaka chimene ndinatsala pang'ono kupasula ubwenzi wa nkhalamba ziwiri chifukwa cha ntchito ya kusukulu. Ndinali sitandade seveni, kamtsikana kakafupi, kolongolola, kosafuna kugonja pa chilichonse ngakhale pa mpikisano wolavula nthanga. Kwathu ndi kumapiri, kumtunda kwa Lisungwi, kumene m'mawa wa nyengo yachisanu nkhungu imatseka njira mpaka umamva anzako akutsokomola usanawaone. Nyengo imeneyo ndi ya manachesi. Mwana aliyense ankabwera kusukulu matumba a yunifolomu atatupa, m'kalasi monse mukununkhira makoko, ndipo ukafinyira khoko m'diso la mnzako ankagwetsa misozi popanda womumenya. Pa masewera amenewo ndinalibe wofanana naye.

Teremu imeneyo tinalandira mphunzitsi watsopano, a Mwale, amene anali atangotuluka kumene ku koleji. Anali oonda, a tayi yopyapyala, ndipo nsapato zawo ankazipukuta m'mawa uliwonse ngakhale fumbi la kwathu silinkawamvera chisoni. Aphunzitsi ena ankatiphunzitsa mbiri potilembera mayina ndi zaka pabolodi kuti tiloweze. A Mwale anangolowa tsiku lina, nafufuta bolodi lonse, n'kunena kuti aliyense alembe mbiri ya chinthu chimodzi cha m'mudzi mwake, monga mmene iwo ankalembera mapepala awo ku koleji.

"Musandilembere mbiri ya Malawi yense, mungakalambe musanamalize," anatero. "Sankhani kanthu kakang'ono, koti mutha kukazungulira wapansi. Mukafunse anthu. Aliyense wokuuzani nkhani mumulembe dzina, ndipo mumufunse ngati anaona ndi maso ake kapena anangomva. Safunsa anadya phula."

Anawonjezera kuti mwini pepala lolembedwa bwino koposa adzaliwerenga pamaso pa makolo tsiku lotsekera sukulu. Nditangomva zimenezo ndinadziona kale nditaima kutsogolo, anthu akuwomba m'manja. Anzanga anasankha mjigo, ena chigayo, wina mlatho wa mitengo umene unkakokoloka chaka ndi chaka. Ine ndinasankha manachesi, ndipo ndinaseka chamumtima, chifukwa yankho ndinali nalo kale kunyumba, litakhala pampando wandalema likuwothera dzuwa.

Yankholo linali agogo anga aamuna, a Wilisoni, bambo a mayi anga. Anali aatali, a mawu ngati a mlaliki, ndipo ine ankanditcha mkazi wawo monga amachitira agogo ndi adzukulu awo. Agogo aakazi anamwalira ndili wakhanda, moti sindinkawadziwa nkhope. Kuseri kwa nyumba ya agogo kunali mtengo wakale wa manachesi, wa thunthu lokakala lomera ndere, ndipo mudzi wonse unkavomereza kuti mitengo ina yonse ya kwathu inachokera ku nthanga za mtengo umenewo. Agogo ankati mbande yake anabwera nayo ndi iwo kuchokera ku Mwanza ali mnyamata, ataiika m'chipewa. Nkhaniyo ndinali nditaimva kambirimbiri. Nthawi iliyonse akamaikamba, mtsinje umene anawoloka unkasefukira kuposa kale, ndipo fisi amene anawatsatira ankakulirakulira.

Pansi pa mtengo womwewo ndi pamene agogo ankasewera bawo masana aliwonse ndi mnzawo a Zakeyu, a kutsidya kwa khwawa. A Zakeyu anali aafupi, oyenda ndi ndodo, osalankhulalankhula, nawonso ofedwa mkazi kalekale. Awiriwo ankanyozana kuyambira pokhala pansi mpaka ponyamuka. Agogo ankati a Zakeyu amabisa nkhomo za bawo m'mphuno, a Zakeyu n'kumati munthu akatalika kwambiri nzeru zimachedwa kufika kumutu. Tsiku likadutsa a Zakeyu osabwera, agogo sankadya bwino.

Nditawauza agogo za ntchito yanga, ananyadira ngati apatsidwa ng'ombe. Anandikambira nkhani yonse ine ndikulemba, ndipo pofika Lamlungu tchalitchi chonse chinali chitadziwa kuti dzina la a Wilisoni likawerengedwa kusukulu. Jekete lawo la pa maukwati analitulutsa m'sutikesi kuti lipitidwe mphepo. Koma nditapereka pepala langa, a Mwale anandibwezera tsiku lomwelo.

"Walemba bwino, koma mboni yako ndi imodzi, ndipo ndi mwini nkhani," anatero. "Kodi ungafunse mbuzi kuti wadya chimanga ndani? Kafunsenso ena."

Zinandiwawa, koma ndinapeza njira yachidule. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, azibambo angapo ankapatukira kwa agogo kudzaonera bawo ndi kudya manachesi aulere. Ndinati m'malo mothyoka miyendo kuyenda khomo ndi khomo, ndiwafunse onse pamodzi. Ndinafika, n'kugwada chapatali, kope lili pabondo, ndipo ndinafunsa mwaulemu kuti manachesi anabwera bwanji kwathu. Agogo anakonza kukhosi, nayamba. Tsiku limenelo mtsinje unafika m'khosi. Akamapuma, azibambo aja ankathira ndemanga: "Zoonadi." "Eya, n'momwemo." "Ifenso tikudziwa choncho." Ine ndinkangolemba mayina, mtima uli m'malo, osaona kuti ena mwa ovomerawo anabadwa mtengowo ukubala kale. Sindinaganize kuti kwathu palibe munthu amene angatsutse mkulu pakhomo pake, akudya zipatso zake, pamaso pa mdzukulu wake.

A Zakeyu okha anali duu, akungoseweretsa nkhomo m'manja. Ndikanawasiya, zonse zikanatha bwino. Koma ndinkafuna dzina lina loonjezera, choncho ndinati, "Nanga inu a Zakeyu, mukuti bwanji?"

"Lemba zimene wamvazo, mwana iwe," anatero. Kenako anawonjezera osayang'ana munthu. "Koma chipewa chimenecho ndikuchikumbukira. Chinali pamutu panga."

"Mukuti chiyani?" anafunsa agogo.

"Ndikuti mbande ndinabwera nazo ndine. Inu ku Mwanza munakafikako muli ndi ana kale."

Wina amene anali atatsala pang'ono kulavula nthanga, anangozimeza. Agogo anaimirira, mutu wawo n'kugunda nthambi, ndipo ananena kuti munthu wodya manachesi a mnzake zaka zonsezi n'kumutcha wabodza asadzapondenso pakhomo pawo. A Zakeyu anaika nkhomo pansi mwakachetechete, natenga ndodo yawo, n'kutsetsereka kulowera kukhwawa. Azibambo aja anabalalika mmodzimmodzi. Chondidabwitsa, nditakumana ndi awiri mwa iwo panjira madzulo ake, anandinong'oneza kuti, "Zoonadi, mbande zija n'za a Zakeyu." Anali anthu omwe aja amene masana anavomera agogo.

Bawo linatha pamenepo. Agogo analivundikira n'kuliika kukhonde, nkhuku n'kumakwerapo. Masana ankakhala okha pansi pa mtengo, nkhope itagwa, akukalipira mbuzi zimene sizinalakwe kanthu. A Zakeyu popita kutchalitchi anayamba kuzungulira njira yakutali ya kumunda, ndi mwendo wawo wovutawo. Mayi anandiyang'ana tsiku lina tikusenda nandolo, nati, "Nkhuyu zodya ana zinapota akulu. Waona zimene wachita ndi mafunso akowo?" Nditawapempha kuti andiuze iwo amene akunena zoona, anagwira pakamwa. Anati mwana salowa kuchipinda kwa makolo ake, ndipo za ubwana wa bambo awo iwo sangazikambe. Ndinadandaula kwambiri, chifukwa agogo ndinkawakonda, ndipo kuwaona akudya okha, osaseka, kunkandilasa mtima.

Ndinapita kwa a Mwale kukapempha kuti ndisinthe mutu, ndilembe za chigayo ngati anzanga. Atamva zonse anaseka mpaka anagwira tebulo, kenako anakana.

"Walira mvula walira matope," anatero. "Tsopano ndiye wayamba kufufuza mbiri. Kulakwa kwako n'kumodzi: unawaika onse pamphasa imodzi. Anthu khumi ovomera munthu mmodzi ndi mboni imodzi yomweyo. Pita kwa aliyense payekha. Usafunse kuti ndani kokha, ufunsenso kuti chifukwa chiyani. Munthu sanyamula mbande mtunda wonsewo popanda chifukwa. Ukatero, upeze munthu amene analipo koma alibe chopindula pa nkhaniyi."

Ndinayamba ndi a Zakeyu. Ndinawapeza akukonza khola la nkhunda, ndipo poyamba sanafune kundiyang'ana. Nditawathandiza kugwira nsungwi, pakamwa panatseguka. Njira ya ku Mwanza ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Anandiuza za malume awo amene anawapatsa mbandezo, za mmene anazikutira ndi masamba a nthochi kuti dothi lisayoyoke, za mudzi umene anapemphako madzi owaza mizu. Fisi munalibe m'nkhani yawo, munali matuza a kumapazi basi. Koma nditafunsa kuti nanga bwanji mtengowo uli pakhomo pathu osati pawo, anatsokomola, nayamba kuwerenga nkhunda zawo. Pomaliza anangoti nthaka ya kwathu ndi yabwino.

Agogo ndinawafikira tsiku lina akusoka thumba. Ndinawafunsa dzina la munthu amene anawapatsa mbande, ndipo anati analiiwala. Ndinafunsa za midzi ya m'njira, iwo anati, "Mkazi wanga, mafunso ambiri amakalambitsa." Koma nditafunsa mmene mbandezo zinakulira, anaika thumba pansi. Anandiuza za chilimwe chowawa chimene dothi linang'ambika, za ndowa imene ankakwera nayo chitunda kuchokera kumtsinje m'mawa ndi madzulo, za mpanda wa minga umene unawabaya manja poteteza mbande kwa mbuzi. Anandionetsa ngakhale chipsera pa chala. Pobwerera ndinaika nkhani ziwirizo pambali ndi pambali, ndipo ndinaona chinthu chimene chinandiimitsa tsitsi. Wina ankadziwa njira koma osadziwa kuthirira, winayo ankadziwa kuthirira koma osadziwa njira.

Munthu amene analipo koma wosapindula kanthu ndinam'ganizira mochedwa. Anali a Rute, mng'ono wa agogo anga aakazi, amene anakwatiwa kumunsi ndipo ankagulitsa tomato ndi manachesi pamsika wa pa Lisungwi. Tsiku la msika ndinapempha kuperekeza mayi, ndinasenza dengu langa la manachesi, tinatsika mapiri kusanatenthe. Kumunsi kunali dziko lina. Juzi imene ndinavala kumtunda inayamba kundiyabwa, fungo la usipa ndi la mafuta okazingira linadzaza mphuno, makondakitala a minibasi akukuwa za ku Zalewa, mabelu a njinga akulira paliponse. A Rute sitinavutike kuwapeza, chifukwa kuseka kwawo kunkamveka munthu usanalowe mumsika. Mayi atangomva funso langa likuyamba, anakumbukira mwadzidzidzi kuti akufuna kukagula mchere, ndipo mcherewo anakaugula kutali kwambiri.

A Rute anaseka mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kwa mdzukulu agogo amanena zonse, choncho anandikokera pafupi, nandikhazika pa thumba la anyezi.

"Nkhalamba zimenezo zikukanganirana mtengo? Si mtengo ayi, mwana wanga, ndi Marita!" anatero.

Marita linali dzina la agogo anga aakazi, ndipo aka kanali koyamba kulimva likutchulidwa lokha choncho, ngati la mtsikana. A Rute anati pa unyamata wawo, a Zakeyu ndi a Wilisoni onse awiri ankafunsira Marita. A Zakeyu, pokhala munthu wamanyazi, anaganiza zoyamba kukopa mayi a mtsikanayo. Anayenda wapansi mpaka ku Mwanza, nabwera ndi mbande za chipatso chimene kwathu kunalibe, n'kuzipereka kwa mayiwo. Mayiwo analandira ndi manja awiri, nazibzala kuseri kwa nyumba. Koma Marita anasankha Wilisoni, amene ankaimba bwino kwaya ndiponso ankathyola mapapaya popanda ndodo. Ukwati utachitika, a Wilisoni anabwera kudzakhala kwa mkazi wawo pachikamwini, monga mwa mwambo wa kwathu, ndipo ntchito yoyamba imene apongozi awo anawapatsa inali yothirira mbande zija.

"Ankadziwa kuti n'za a Zakeyu?" ndinafunsa.

"Mudzi wonse unkadziwa! Koma mkamwini angakane ntchito ya apongozi? Anathirira, mwana wanga, akutukwana chamumtima. Zina zinafa, mtengo umodzi womwewo ndi umene unapulumuka."

Ndinakumbukira lamulo la a Mwale, n'kufunsa ngati anaona ndi maso kapena anangomva. A Rute anadziguguda pachifuwa. Anati iwo ndi amene ankatumidwa ndi anyamata onse awiri kukapereka mawu kwa Marita, ndipo zitumbuwa zimene ankapatsidwa kuti akam'patse mkulu wawo, theka linkathera m'njira.

Pokwera mapiri madzulo ake dengu linali lopanda kanthu koma mutu unali wolemera. Choonadi ndinali nacho, koma chinali choonadi chochititsa manyazi mbali zonse. Kuchiwerenga pagulu kunali kuuza mudzi wonse kuti a Zakeyu anakanidwa ndi mkazi, ndiponso kuti agogo anga, a jekete lawo lija, anathirira mphatso ya mnzawo wolimbirana naye. Ndinaopa kuti ndikatero awiriwo sadzalankhulananso mpaka kumanda. Kulemba za chipewa ndi fisi nakonso kunali kunyoza a Zakeyu kachiwiri, ndipo tsopano ndikudziwa kuti ndi bodza.

A Mwale anandiuza kuti ndilembe zimene ndapeza, ndisonyeze amene anandiuza chilichonse, ndipo pamene sindikudziwa ndinene kuti sindikudziwa. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinalembanso mpaka pensulo inafupika. Atawerenga anati pepala langa ndi limene lasankhidwa, koma anaika chala pa mayina aja.

"Anthu awa ali moyo," anatero. "Mbiri si miseche. Usanaime pagulu, ukawawerengere eni ake. Akakana, sitiwerenga."

Ndinayamba ndi agogo. Ndinawerenga nditagwada, maso ali papepala, osayerekeza kudzutsa mutu. Nditamaliza anatembenuka n'kuyang'ana mtengo uja.

"Wakuuza ndani zimenezi?"

"A Rute."

"Pakamwa pa Rute sipanatsekekepo chibadwire," anatero. Anapukusa mutu, kenako anafunsa ngati a Zakeyu avomera. Nditati sindinapiteko, anati, "Akavomera iwo, inenso ndavomera. Koma sangavomere. Munthu uja ndi wamantha kuyambira kale."

Ndinawoloka khwawa tsiku lomwelo. A Zakeyu anamvetsera atatsamira ndodo yawo, ndipo nditafika pa dzina la Marita anayang'ana kumbali. Nawonso anafunsa ngati a Wilisoni avomera. Ndinali nditaphunzira kubwereza mawu a mboni monga momwe anenedwera, choncho sindinachotsepo kanthu. Ndinati agogo anena kuti mukavomera inu nawonso avomera, koma ati simungavomere chifukwa ndinu amantha kuyambira kale.

A Zakeyu anamenyetsa ndodo pansi, nkhunda n'kuuluka. "Wati ndine wamantha? Kawerenge! Ukawerenge mokweza, amve ndi a kumbuyo omwe!"

Tsiku lotsekera sukulu kunacha kozizira, kamphepo kakuwomba kuchokera kumapiri. Mabenchi anawatulutsa panja, amayi anayala zitenje pa udzu, ana aang'ono akuthamangathamanga pakati pa anthu. Agogo anakhala kumapeto kwa benchi ya kutsogolo atavala jekete lawo, a Zakeyu kumapeto enawo, pakati pawo pali malo oti n'kugonapo munthu. A Rute anali atasiya msika n'kukwera mapiri, ati nkhani yotere sangaimvere kwa ena. Dzina langa litaitanidwa, ndinapita kutsogolo. Kamtsikana kolongolola kaja kanayamba ndi mawu onga a udzudzu, mpaka a Zakeyu anakuwa kuti, "Mokweza!"

Ndinakweza. Ndinawerenga za ulendo wa ku Mwanza monga anandiuzira a Zakeyu, za chilimwe ndi ndowa monga anandiuzira a Wilisoni, ndi za chifukwa chake monga anandiuzira a Rute amene anaona ndi maso. Nditatchula Marita, akuluakulu ena anang'ung'udza motsitsa, monga amachitira anthu akakumbutsidwa munthu amene ankamukonda. Nditafika pa mkamwini wothirira mbande za mnzake, bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, a Rute ali patsogolo. Ndinamaliza ndi kunena kuti za fisi sindinapeze mboni ina, choncho sindikudziwa. Kenako ndinaima, chifukwa agogo anali akuimirira.

"Aphunzitsi," anatero ndi mawu awo a mlaliki aja, "mwanayu wasiya mfundo."

Chamumtima ndinati basi, zonse zathera pano.

"Sanalembe kuti mtsinje unali kutali, ndipo ndowa imene apongozi anandipatsa inali yobooka."

Anthu asanamalize kuseka, a Zakeyu nawo anadzuka ndi ndodo yawo. "Sanalembenso kuti mbande zinali zonenepa bwino. Zinafera m'manja mwa wothirira."

"Zinabwera zodwala kale! Munazipsereza m'chipewa chanu chonunkha thukuta chija!"

Ahedi a sukulu anayesa kuwakhazika pansi koma zinakanika. Mwambo utatha, awiriwo anatuluka pabwalo akukanganabe, ndipo ndinaona kuti akuyenda njira imodzi. Ndinawatsatira chapatali. Pamphambano yolowera kukhwawa a Zakeyu sanakhote. Anapitirira mpaka pakhomo pathu, nakhala pamalo awo akale, agogo n'kupita kukhonde kukathamangitsa nkhuku pa bawo. Akukonza nkhomo, ndinamva a Zakeyu akunena motsitsa kuti Marita ankawakonda manachesi asanapse bwino, akadali owawasa. Agogo anayankha kuti, "Ndi kamchere." Kenako masewera anayamba. Ine ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe n'kulira, chifukwa cha chimwemwe komanso chifukwa ndinawasowa agogo aakazi amene sindinawadziwe.

Lero ndine amene ndimaima kutsogolo kwa kalasi, pa koleji ina yophunzitsa aphunzitsi, ndipo chaka chilichonse ndimapereka ntchito yolemba pepala la mbiri. Zinthu zinasintha kwambiri. Ophunzira anga sathyoka miyendo ngati ine. Ali ndi mafoni amene amawapezera mabuku a kutali ali pabedi, amatha kujambula mawu a nkhalamba m'malo molimbana ndi pensulo, ndipo ofuna kufunsa azakhali a ku Chifunga amangoimba. Zimenezi ndimazikonda, sindinama, ndipo sindilakalaka kubwerera ku masiku a kope lonyowa ndi mame. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amandibweretsera masamba odzaza ndi zimene foni yawauza, osafunsa kuti wolembayo anaona kapena anangomva, ndipo kwawo asiya nkhalamba zimene palibe anazifunsapo kanthu. Ndimawabweza kuti apite kumudzi tchuthi chisanathe, akakhale pansi ndi munthu mmodzi payekha, akadali ndi mpweya. Ena amandiona ngati wovuta, ndipo mwina ndine wovutadi.

Kwathu nako kunasintha. Manachesi tsopano amatsika mapiri pa njinga zamoto, ndipo ana a masiku ano amaona ngati mitengoyo inamera yokha. A Rute, a Zakeyu ndi agogo onse anapita. Woyamba kudwala anali a Zakeyu, ine ndili ku sekondale, ndipo ana awo anali kutali kutauni. Nditabwera patchuthi ndinakumana ndi agogo m'mawa akutsetsereka kukhwawa, msana utapindika, atanyamula kachigubu ka madzi akumwa kupita nako kwa mnzawo. Mayi anati amachita zimenezo tsiku ndi tsiku ndipo salola kuti wina awanyamulire. Ndinathamanga kuti ndiwalandire, koma anandikaniza ndi chigongono.

"Ndisiye, mkazi wanga," anatero akupuma movutikira. "Ndakhala ndikuthirira za munthu ameneyu kuyambira ndili mnyamata. Ndileke lero?"